Nambala imodzi imene inaphimba ngongole ya penshoni ku Detroit

Ophunzira za chuma cha makhonsolo timakonda kuthamangira ku msonkho: atolera zingati chaka chino, agwiritsa ntchito zingati. Nkhani ya mzinda wa Detroit ku America imatikokera kwina, ku ndalama zimene mzinda unalonjeza antchito ake kuti azidzalandira akadzapuma.

Penshoni yawo inali ya lonjezo. Si ngati ya makampani ku Malawi kuno, kumene wolemba ntchito amasonkha 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, ndipo munthu amadzatenga zimene zasonkhana m'thumba lake. Ku Detroit mzinda unkauza wapolisi kapena woyendetsa basi ndalama zimene azidzalandira mwezi ndi mwezi mpaka imfa. Thumba likaperewera, mutu umapweteka mzinda.

Ndiye tisunge zingati lero kuti lonjezolo lidzakwaniritsidwe? Yankho limatsamira pa nambala imodzi yotchedwa discount rate, phindu limene akatswiri amaganiza kuti thumba lizipeza pachaka. Tengani kakyuleta muone nokha. Ngati mudzalipira munthu K1,000,000 pakatha zaka 20, ndipo mukuganiza kuti ndalama zizibereka 8 peresenti pachaka, lero musunge K214,548. Mukati 4 peresenti, musunge K456,387. Lonjezo silinasinthe, wodzalandira ndi yemweyo, koma ngongole yaposa kawiri. N'chifukwa chake andale amakonda nambala yaikulu: chopereka cha chaka chino chimachepa, za misewu zimapezeka, ndipo dzenje lidzagwetsa ena.

Matumba awiri a mzindawu, la apolisi ndi ozimitsa moto komanso la antchito ena onse, ankawerengera pafupifupi 8 peresenti. Kevyn Orr, amene boma la Michigan, chigawo cha America chimene Detroit alimo, linamuika kuti ayendetse chuma cha mzinda mu 2013, anawerengetsanso ndipo anati ndalama zikuperewera ndi madola 3.5 biliyoni. Oyang'anira matumbawo anatsutsa kuti iye wakokomeza. Mkanganowo kwenikweni unali wa masamu tachita pamwambapa.

Panalinso zina. Chaka chimene thumba lapindula kuposa muyeso, chotsalacho ankagawana, opuma n'kulandira cheke cha 13, chowonjezera pa macheke 12 a pachaka, m'malo mosungira chaka cha njala. Mu 2005 ndi 2006 mzinda unabwereka madola pafupifupi 1.4 biliyoni n'kuthira m'matumbawo, kukwirira dzenje pokumba lina. Pamenepo n'kuti okhoma msonkho akuchepa: anthu anali oposa 1.8 miliyoni mu 1950, koma mu 2010 anatsala pafupifupi 714,000. Opuma pantchito anachuluka kuposa ogwira ntchito.

Pa 18 July 2013 mzinda unapita kukhoti kukalengeza kuti walephera kubweza ngongole za madola pafupifupi 18 biliyoni. Malamulo aakulu a Michigan amaletsa kuchepetsa penshoni ya boma, koma woweruza Steven Rhodes anagamula kuti pa mlandu wotere lamulo la dziko lonse ndilo lili pamwamba. Ophunzira ambiri amalumpha mfundo imeneyi, pomwe ndiyo inadzidzimutsa mizinda ina.

Antchito wamba anadulidwa 4.5 peresenti, ndipo yowonjezera ya chaka ndi chaka yothandiza pa kukwera kwa mitengo inachotsedwa. Kuchotsako ndiko kopweteka kwambiri, chifukwa kumadya penshoni mwakachetechete chaka chilichonse. Apolisi ndi ozimitsa moto sanadulidwe, koma yowonjezera yawo inatsika kuchoka pa 2.25 kufika pa 1 peresenti. Zikanafika poipa pakanapanda madola 816 miliyoni amene mabungwe achifundo, boma la Michigan ndi Detroit Institute of Arts, nyumba yosungiramo zaluso ya mzindawu, analonjeza kupereka pa zaka 20, n'cholinga chakuti zojambula za m'nyumba yosungiramo zalusoyo zisagulitsidwe.

Discount rate anaitsitsira pa 6.75 peresenti. Mzinda unatuluka m'khoti mu December 2014, utapatsidwa mpumulo wa zaka pafupifupi 10 usanayambirenso kupereka mokwanira ku matumba awiri aja, ndipo mpumulowo unatha pakati pa 2023.