Mmene ndinapezera chithandizo kuntchito pa vuto la mutu waching'alang'ala

Desiki yanga tsopano ili kutali ndi magetsi a kudenga, ndipo ndili ndi chilolezo chokapuma m'chipinda chamdima mutu waching'alang'ala ukayamba, koma kuti zimenezi zitheke ndinavutika mosayenera.

Musanapite kwa dokotala, yambani mwalemba m'kabuku tsiku lililonse limene mutu wakugwirani, nthawi imene wayamba, ndi mankhwala amene mwamwa. Ine ndimayamba kuona timizere tonyezimira pa kompyuta, manambala ena n'kumasowa, kenako mutu umagunda mbali imodzi limodzi ndi mseru. Kabukuko ndi kamene kanasonyeza dokotala kuti vuto limakula ndikapanda kudya masana komanso ndikakhalitsa pansi pa magetsi ophethiraphethira. Ataona mmene ndinkamwera mapiritsi, anandichenjeza kuti kumwa paracetamol kapena ibuprofen masiku 15 kapena kuposerapo pa mwezi kumatha kuyambitsa mutu wina wosatherapo, ndipo anandilembera sumatriptan woti ndizimwa ululu ukangoyamba.

Imene inandipsetsa mtima ndi ofesi yoona za ogwira ntchito. Mkulu wa kumeneko anaiyang'ana kalata ya dokotala mosafuna, n'kunena kuti palibe munthu amene samva mutu, ngati kuti matenda amene amatha kumugoneka munthu maola 4 mpaka 72 ndi ofanana ndi kutopa kwa madzulo. Kenako anaibweza ponena kuti yangotchula dzina la matenda koma sinanene zimene kampani iyenera kusintha. Ndinatha tsiku lathunthu pamzere kuchipatala, m'chipinda chowala kwambiri ndiponso chaphokoso, kudikira kuti dokotala awonjezere ziganizo ziwiri zokha, ndipo tsikulo analichotsa pa tchuthi changa.

Choncho pemphani dokotala kuti alembe zofunikazo momveka bwino pa ulendo woyamba womwewo: kuchoka pansi pa magetsi, kuchepetsa kuwala kwa kompyuta, kupuma pafupipafupi, kudya pa nthawi yake, ndiponso malo amdima ogonapo. Kumbukiraninso kuti bwana amene amakuyang'anirani tsiku ndi tsiku ayenera kudziwa nkhaniyi isanafike ku ofesi ija, chifukwa wanga ndi amene anakalankhula kuti desiki isunthidwe. Koma kalatayo, ndikubwereza, itchule zosintha zonse chimodzichimodzi.

Nkhani ya mafuta onunkhira kwambiri amene anzanga ena amadzola, omwenso amandiyambitsa mutu, sinathebe mpaka pano, chifukwa ofesiyo ikuti iyenera kuyamba yakambirana ndi akuluakulu.