Resident Evil 2: pa polisi ya Raccoon City chipolopolo chilichonse chimawerengedwa

Capcom inatulutsa Resident Evil 2 yokonzedwanso pa 25 January 2019, patatha zaka 21 chitulukireni ya pa PlayStation ya mu 1998. Nkhani sinasinthe kwenikweni. Leon Kennedy, wapolisi wongoyamba kumene ntchito, ndi Claire Redfield amene akufunafuna mlongo wake Chris, alowa mu Raccoon City kachilombo ka kampani ya Umbrella katasandutsa anthu mazombi. Anzanga amene munazolowera Call of Duty m'mashopu a magemu a ku Kapata, mtima wopha chilichonse choyenda muusiye pakhomo. Gemu iyi imakhaulitsa wowombera mwachisawawa.

Mfuti ya Leon, Matilda, imanyamula zipolopolo 12 basi, pamene zombi imodzi imatha kulandira zingapo m'mutu, n'kugwa, n'kudzadzukanso inu mukubwerera. Choncho imani kaye, dikirani kachizindikiro kolozera kafupike, muwombere bondo. Mwendo ukaduka imayamba kukwawa ndipo mumailambalala, ngakhale imalumabe mukaiyandikira. Zoyenera kuphedweratu ndi za m'makonde amene muzidutsamo kawirikawiri. Matabwa amene mumatola ndi ochepa kuposa mawindo, ndiye akhomeni pa mawindo a khonde lopita ku Dark Room, chimodzi mwa zipinda zosevera, chifukwa njira imeneyo muiyenda mpaka kutopa nayo.

Chikwama ndicho chimavuta kuposa mazombi. Mumayamba ndi mipata 8, kathumba kalikonse ka m'chiuno kamawonjezera iwiri, mpaka kufika 20. Kamodzi kali mu sefa ya ku West Office: 9 kumanzere, 15 kumanja, 7 kumanzere. Desiki ya Leon m'chipinda chomwecho imatsegulidwa ndi NED ndi MRG, mkatimo muli magazini yaikulu ya Matilda. Kiyi ikatha ntchito pamaoneka kachizindikiro kofiira, itayeni. Pa mapu, chipinda chofiira ndiye kuti mwasiyamo kanthu, chabuluu mwachisesa.

Wonga musamasakanize mukangoutola. Wamba uwiri umapanga zipolopolo za mfuti yaing'ono. Kwa Leon, wamba ndi wachikasu zimapanga za shotigani, wachikasu uwiri za Magnum. Kwa Claire, wamba ndi woyera zimapanga mabomba a asidi, woyera uwiri za mfuti yachiwaya. Ambiri amathera wachikasu pa shotigani akadali ku polisi, n'kukafika kwa William Birkin womaliza, bosi amene mumamenyana naye kangapo, mfuti yamphamvu ya Magnum ili yopanda kanthu. Zitsamba nazo chimodzimodzi: chobiriwira chokha chimachiza pang'ono, ndi chofiira chimadzaza moyo wonse, mukawonjezera chabuluu chimachotsa poizoni n'kuchepetsa ululu wa zomenya kwa kanthawi. Mpeni umakupulumutsani zombi ikakugwirani, koma umatsalira m'thupi mwake ndipo umatha pang'onopang'ono. Mukaufuna, muiphe kaye.

Tsono pali Mr. X. Mukangozimitsa moto wa helikoputa imene inagwera pa polisi, chimunthu cha chipewa ndi chijasi chimainyamula n'kuikankhira pambali, ndipo kuyambira pamenepo mtendere watha. Sichifa. Mukachithira zipolopolo zambiri chimagwada kamphindi, kenako chimadzuka, inu mwatsala manja lende. Chimatsata phokoso: mukawombera kapena kuthamanga, mapazi ake mumawamva akuyandikira, gu, gu, gu, pamwamba pa denga kapena kuseri kwa khoma. Apa mahedifoni amathandiza kwambiri kuposa sipika ya TV, makamaka m'shopu mmene a pafupi akukuwa ndi FIFA, chifukwa mumasiyanitsa ngati chili m'chipinda cham'mwamba kapena pansi pomwe muli inu. Mu Dark Room sichilowa. Mu Main Hall chimalowa, ngakhale muli taipilaita yosevera ndi bokosi la katundu, ndipo ambiri amamenyedwera pomwepo akuganiza kuti afika pothawira.

Pamene gemuyi imakoma zedi ndi pokumana Mr. X ndi Licker, chilombo chokwawa cha lilime lalitali. Licker saona, amangomva, ndiye mumamudutsa mukuyenda pang'onopang'ono, osamukhudza. Koma chimunthu chija chili kumbuyo, mukayenda chikupezani, mukathamanga Licker akudumphirani. Bomba lothobwa m'maso musunge la nthawi ngati imeneyo. Musanatuluke m'chipinda chosevera tsegulani mapu, musankhe njira yopita ndi ina yobwerera, monga ya ku Library imene ili ndi masitepe ndi makwerero ozungulirapo.

Kuno ku Chipata nkhani ya magetsi ikhale m'mutu posankha mlingo. Pa Standard gemu imaseva yokha malo ena, ndipo taipilaita mumagwiritsa ntchito mmene mungafunire. Pa Hardcore palibe kuseva kokha, ndipo seva iliyonse imadya riboni ya inki imodzi. Magetsi akathima muli ndi ola lathunthu osaseva, ola lonselo lapita. PS4 yozima mwadzidzidzi imathanso kuwononga faelo, choncho koperani seva yanu pa flashi, makamaka ngati makinawo mumasewera angapo. Ofuna giredi ya S pa Standard ayenera kumaliza ulendo woyamba maola atatu ndi theka asanakwane, koma zimenezo n'za mukaloweza kale nyumbayo.

Mukachoka ku polisi kukoma kumatsikako. Ku ngalande za zonyansa mumangoyenda m'madzi mukusaka mapulagi a tchesi, zilombo za G zikutsekereza njira, ndipo malowo sakhazikika m'mutu ngati polisi ija. Ku labu zinthu zimathamanga. Mazombi a zomera kumeneko amadzukanso pokhapokha mutawatentha ndi moto.

2nd Run, ulendo wachiwiri umene mumasewera ndi winayo mukamaliza wa Leon kapena Claire, ndiyo imandikhumudwitsako. Mumalowera khomo lina, Mr. X amabwera msanga, mayankho a ziboliboli za mamendulo amasintha, koma mabosi ambiri ndi omwe aja mnzanu wagonjetsa kale, ngati kuti Leon ndi Claire sanali m'nyumba imodzi usiku womwewo. Muiseweretu ndithu, chifukwa mathero enieni ali kumeneko, ndipo mukaimaliza mumatsegula The 4th Survivor, gawo lapadera la Hunk, msilikali wa Umbrella. Manambala a masefa sasintha, ndiye 9, 15, 7 ija igwiranso ntchito.