Sabata ya chiperoni: pastel kuphiri, penti wa mafuta m'nyumba

Mu Julayi, wojambula malo ku Zomba amalamulidwa ndi nyengo. Chiperoni chikagwa, nkhungu imakuta phiri m'mawa wonse, ndipo penti wa mafuta amene mu Okutobala amauma msanga amatha sabata akumatabe chala. Ntchito ya sabata ino inali chithunzi chachikulu cha penti wa mafuta, masentimita 90 m'litali ndi 60 m'lifupi, choonetsa chigwa ndi phiri la Mulanje monga zimaonekera pa Emperor's View, malo oonerapo patali pamwamba pa phiri la Zomba, kuphatikizapo tizithunzi titatu ta pastel (timitengo ta mitundu tonga choko) ta damu la Mulunguzi.

Lolemba linathera pa nsalu. Felemu ikhale ya paini wouma bwino, chifukwa wamuwisi amapindika nsalu n'kuchita makwinya m'makona. Pokoka kanvasi timayamba kukhoma pakati pa mbali imodzi, kenako pakati pa mbali yoyang'anana nayo, n'kumasendera kumakona motalikanitsa masentimita 5. Pamwamba timapaka gesso, penti woyera woyalira pansi amene amateteza nsalu, katatu, n'kumakwecha pang'ono ndi sandipepa akauma. Amene amadumpha zimenezi amalira pambuyo: mafuta a linseed, amene amakhala m'pentimo, akafika pa ulusi wa thonje amaufumbutsa pakapita zaka. Poti gesso ndi wodula komanso wosowa, ena amasakaniza guluu woyera wa matabwa ndi penti wa khoma. Zimatheka ndithu, koma zimamwa mafuta kwambiri, mitundu n'kuzilala.

Lachiwiri kunacha bwino, ndiye linali tsiku lokwera. Emperor's View inatchedwa dzinali Haile Selassie wa ku Ethiopia atafikapo mu 1965, ndipo kukayera mumaona Mulanje ndi nyanja ya Chilwa nthawi imodzi. Kuyera kwakeko sikukhalitsa. N'chifukwa chake kumtunda timanyamula pastel osati machubu: pepala laling'ono, mphindi 20, kenako lina. Timayamba ndi timitengo tolimba ta mitundu yakuda, tofewa ndi towala n'kubwera pomaliza. Pepala la pastel limakhala lokhakhala, ndipo timayenje take ndi timene timagwira fumbi la mtundu. Mukatikita ndi chala pachiyambi, timayenjeto timadzaza, mtundu wina uliwonse umangoterereka. Pepala likanyowa ndi nkhungu, ingolongedzani.

Chithunzi cha pafoni chimathandiza kukumbutsa pamene pali mtengo kapena thanthwe, koma pa mitundu musachikhulupirire. Chimadetsa mithunzi mopitirira ndipo Mulanje chimamuchepetsa.

Lachitatu ndi pamene penti anafika pa nsalu. Mitundu isanu ndi umodzi imakwana: titanium white (woyera), yellow ochre (wachikasu wonga dothi), cadmium yellow (wachikasu wowala), burnt sienna (wofiirira ngati katondo), alizarin crimson (wofiira) ndi ultramarine (wabuluu). Ophunzira ambiri amapenta Mulanje wobiriwira poti akudziwa kuti kuli mitengo. Kuchokera ku Zomba sawoneka choncho. Mpweya wa pakati umamusandutsa wabuluu wotuwa, ndiye timasakaniza ultramarine, woyera wambiri ndi kadontho ka crimson, m'mphepete mwake osalemba mzere wakuthwa. Chigwa mu Julayi ndi minda yokololedwa ndi udzu wouma, chimafuna ochre wothira woyera, katondo wa m'misewu n'kumutenga ku sienna. Paini wapafupi yekha ndiye ayenera mdima weniweni, ultramarine ndi ochre, mwina ndi sienna pang'ono. Wobiriwira wongofinya m'chubu amaoneka ngati pulasitiki.

Lamulo losasintha ndi lakuti mafuta azichuluka pokwera. Kupaka koyamba timasungunula ndi tepentaini yekha, kwachiwiri magawo awiri a tepentaini ndi limodzi la linseed, komaliza theka ndi theka. Mukatembenuza, wapamwamba amauma wapansi akadasuntha, ndipo chithunzi chimang'aluka. Palafini ndi wotsukira maburashi basi, kenako sopo. M'penti asalowemo, sauma bwino.

Lachinayi sienna ndi ochre anali atagwira, koma kumwamba kwa chithunzi, kumene kuli titanium white wambiri, kunali kwakuwisi. Woyerayu amachedwa, crimson ndi cadmium chimodzimodzi. Kukakamiza pamenepo n'kupanga matope. Nsalu inakaima chopendama kuyang'ana kukhoma, m'chipinda mopita mphepo, kuopa fumbi, ndipo tsikulo linapita ku tizithunzi ta Mulunguzi. Madzi a damu amaoneka akuda kuposa thambo limene akuonetsa. Mithunzi ya mitengo timaikoka chotsika, kenako timizere tochepa towala chopingasa, apo ayi madzi amaoneka ngati aimirira. Fixative, mankhwala omatirira fumbi la pastel pa pepala, timapopera tili pa masentimita 30, pang'onopang'ono, pakati pa ntchito. Pomaliza ine sindipopera, amapha kuwala kwa mitundu yoyera. Za mankhwala opopera tsitsi m'malo mwa fixative zisiyeni, amasandutsa pepala lachikasu.

Kuika m'mafelemu kunali Lachisanu. Pastel asakhudze galasi: pakati timaika katoni yochindikala yodula ngati zenera, ndipo pansi pake timasiya kampata koti fumbi logwa lizibisalamo. Galasi likhale lenileni, chifukwa la pulasitiki limakoka fumbi la pastel. Kumbuyo timamata tepi mbali zonse ndi kuika timapilo tiwiri m'makona apansi kuti felemu isagundane ndi khoma. Makoma a nyumba zakale za m'tauni muno amasunga chinyontho, ndipo dzinja likafika chuku chimayambira kumbuyo kwa chithunzi. Nsanza za linseed, tisanaiwale, zisaunjikidwe m'katoni. Zimatentha zokha mpaka kuyaka, ndiye ziyanikeni panja kapena ziviikeni m'chitini cha madzi.

Loweruka kumwamba kwa chithunzi chachikulu chija kunalola kupaka kwachiwiri, ndipo mwini oda anabwera kudzaona. Funso limakhala lomwelo: "Nditenga liti?" Yankho linali lakuti, "Bambo, kutenga mutenga pakatha masabata atatu, koma musachikulunge m'pulasitiki kapena m'nyuzipepala, zimamatirira." Vanishi amadikira miyezi isanu ndi umodzi kuti penti aume mpaka mkati. Kuwerenga kuchokera pano ikukwana mu Januwale, mvula ili pakati, ndipo vanishi wopaka kuli chinyontho amachita mbuu. Tinagwirizana kuti chithunzicho chidzabwerenso mu Meyi kudzapakidwa vanishi.