Mwendo ukamakana kuyenda, funsaninso za mtima

Sabata ino ife ophunzira zachipatala takhala tikuwerenga za kuphinjika kwa mitsempha yopititsa magazi kumiyendo, matenda omwe mabuku athu amangowalemba kuti PAD. Mafuta amamatirira m'kati mwa mtsempha, mpata wa magazi n'kumachepa. Munthu akayenda kamtunda akatumba amayamba kuwawa, akaima pang'ono ululu umatha, akanyamukanso umabweranso. Ambiri amangoti ndi nyamakazi kapena ukalamba. Zoyambitsa zake n'zomwe timazidziwa kale: fodya, shuga, kuthamanga kwa magazi, mafuta ochuluka m'magazi ndi matenda a impso.

Kuyeza kwake kunandisangalatsa chifukwa sikulira makina odula. Umayeza BP pakakolo ndi pamkono, n'kugawa ya pakakolo ndi ya pamkonoyo. Yankho likakhala 0.90 kapena kucheperapo, mtsempha waphinjika. Likapitirira 1.40 usakondwe, mitsempha yauma moti siikufinyika, zomwe zimachitikachitika kwa odwala shuga, ndiye amayeza pachala cha kuphazi.

Chomwe chandikhala m'mutu n'chakuti odwalawa ambiri sadulidwa mwendo. Chimawatenga ndi mtima kapena sitiroko, pakuti mafuta omwe atseka kumwendowo alinso m'mitsempha ya mtima ndi ya ubongo. N'chifukwa chake mankhwala oyambirira sakhala a ululu wa mwendo. Aspirin wa 75 mg kapena clopidogrel amaletsa magazi kuundana, atorvastatin amatsitsa mafuta, kenaka a BP ndi a shuga. Kafukufuku wa COMPASS wa mu 2017 anasonyeza kuti kuphatikiza aspirin ndi rivaroxaban (mankhwala enanso oletsa magazi kuundana) wa 2.5 mg kawiri patsiku kumachepetsa ngozizi, ngakhale kumawonjezera vuto lotaya magazi. Wothandiza kuyenda mtunda wotalikirapo ndi cilostazol, koma saperekedwa kwa munthu yemwe mtima wake ukulephera kupopa bwino. Funso limeneli sililephera pamayeso, anzanga musadzati sindinanene.

Palinso chithandizo chovuta kuchifotokoza kwa wodwala: kuyenda. Umawauza agogo omwe akudandaula kuti kuyenda kukuwapweteka kuti aziyenda mpaka ululu ubwere, apume, ayambirenso, mphindi 30 mpaka 45, katatu pasabata, kwa masabata 12. Akuyang'ana ngati sunamve dandaulo lawo. Koma zimathandizadi, bola fodya asiyiretu.

Za kachubu kolowetsa mumtsempha pofuna kutsegula pophinjika ndiye zili ndi mbiri yake. Mu 1953 Sven-Ivar Seldinger wa ku Sweden anapeza njira yobaya mtsempha ndi singano, kulowetsa kawaya, kuchotsa singanoyo, n'kutsetseretsa kachubu pakawayako. Mu 1964 Charles Dotter ku Portland, m'dziko la America, anatsegula mtsempha wa mwendo wa mayi wa zaka 82 yemwe anakana kudulidwa, ndipo mwendowo unapulumuka. Kabaluni kakumapeto kwa kachubu anadzakakonza ndi Andreas Grüntzig ku Zurich, yemwe anayambira kumiyendo asanafike kumtima mu 1977. Lero dokotala amalowera pamtsempha wa pamwamba pa ntchafu, wodwala ali maso, atangobayidwa jakisoni wadzanzi pamalopo. Amathira mankhwala oonetsa mitsempha pa X-ray, amadutsitsa kawaya pophinjikapo, amafufumitsa kabaluni, ndipo pakakana kukhala potseguka amasiyapo stent, kachubu kachitsulo koluka. Mankhwala oonetsawo amatha kupweteka impso, ndiye zimayezedwa kaye. Mtsemphawo umathanso kutsekekanso pakapita miyezi, ndipo wodwala amatuluka ndi mapiritsi ake aja, sanachepe.

Kwa amene amangomva ululu poyenda, kachubu sikathamangiridwa. Changu chimafunika ululu ukamabwera munthu atagona, mpaka kumalendewetsa mwendo m'mphepete mwa bedi usiku kuti apezeko mpumulo, kapena pakakhala bala losapola ndi chala choyamba kuda. Kwathu kuno odwala shuga ambiri amafika pachipatala zitafika kale pamenepa, pomwe madokotala a mitsempha ndi zipangizo zake n'zosowa. Kuvula wodwala nsapato n'kufufuza kugunda kwa mtsempha pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo ndiye gawo lomwe ife tingalikwanitse tsiku lililonse.

Ngakhale mwendo utafika pangozi chotere, kachubu sikapambana nthawi zonse. Kafukufuku wa BEST-CLI wa mu 2022 anapeza kuti odwala omwe anali ndi mtsempha wabwino wa saphenous (wobwezera magazi kumtima), wotengedwa pamwendo pawo pomwe kuti ukhale njira yatsopano ya magazi, anapeza bwino ndi opaleshoni yolambalalitsa magazi kusiyana ndi kachubu. Ndiye asanasankhe njira, madokotala amayamba aunika mtsempha umenewo ndi sikani.