Mbiri ya moyo wanga, Gawo 11: Masabata 9 amene ndinakana kukasaina

Gawo lapitali ndinalekezera pa tsiku lija anatisonkhanitsa tonse m'chipinda chodyeramo n'kutiuza kuti kampani yaluza kontirakiti, ndipo nyumba yosungiramo katundu imene tinkagwiramo ntchito, kunja kwa mzinda wa Leicester ku England, itsekedwa. Ntchito inatheradi kumapeto kwa Meyi 2013. Ndinali nditagwirapo zaka 7, ndili ndi zaka 39 zakubadwa. Lamulo la kuno limati munthu wa msinkhu umenewo akamuchotsa chifukwa ntchito yatha, amupatse malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chimene wagwira. Ndiye ndinatuluka pageti ndi malipiro a masabata 7, pepala lija amati P45 limene amakupatsa ntchito ikatha, ndi nsapato zanga zantchito zili m'jumbo.

Mzungu wina amene tinkayendetsa naye forklift anandipeza poimika magalimoto. Anati Lolemba akukalembetsa ku Jobcentre, ofesi ya boma kumene malova amakasaina kuti alandire thandizo, tipitire limodzi. Ndinamuyankha kuti ine kumeneko sindidzapondako, masabata awiri satha ndisanapeze pogwira. Ndinkanena zochokera pansi pa mtima, ndipo mumtimamo ndinkamuona iyeyo ngati munthu wogonja msanga.

Maganizo amenewa ndinabwera nawo kutali. Zaka zanga zoyamba m'dziko muno, chiphaso changa chinali ndi mawu akuti No recourse to public funds, kutanthauza kuti thandizo la boma silikukukhudza, ndipo ukalikhudza waphwanya lamulo. Amene mwakhalapo ndi chidindo chimenecho mukudziwa mmene chimalowera m'mafupa. Tinkachenjezana m'makwalala ndi pamapwando: usayandikire ma benefit, adzakukumbutsa tsiku lokaonjezera mapepala. Mu 2010 ndinapatsidwa chilolezo chokhala muno mpaka kalekale, mawu aja anachoka papepala, koma m'mutu mwanga sanachoke.

Chinanso n'chakuti nthawi imeneyo dziko lonse linkalankhula za malova ngati anthu oba. Mu Okutobala 2012, George Osborne, amene anali nduna ya zachuma, analankhula pamsonkhano wa chipani chake ku Birmingham za munthu amene amalawira kuntchito kudakali mdima, n'kuyang'ana mawindo a neba wake ali otseka chifukwa mwiniwake ali m'tulo, akudya za boma. Ndinamva mawu amenewo pa wailesi ya m'galimoto ndipo ndinagwedeza mutu kuvomereza. Wolawira mumdimayo ndinali ine. Pamsewu wathu panali nyumba ina imene makatani ake sankatsegulidwa mpaka dzuwa litakwera, ndipo ndinkauza mayi akunyumba kuti msonkho wathu ukuthera mmenemo. Sindinkamudziwa munthu wa m'nyumbayo, ngakhale dzina. Patapita nthawi ndinamva kuti ankagwira usiku kuchipatala.

Ndiye ntchito itatha, chinthu choyamba chimene ndinkachita m'mawa uliwonse chinali kutsegula makatani. Nthawi ya 6 koloko, ana asanadzuke, ndinkatsika n'kuwatsegula onse a kumsewu kuti wodutsa asaganize kuti muno muli wogona. Ndikaperekeza ana kusukulu ndinkavala jekete lantchito lija lowala, kuti makolo anzanga pageti aziona ngati ndikuchokera ku shifiti. Kenako ndinkakwera basi kupita ku laibulale ya m'tauni, kumene ndinkakhala pa kompyuta kutumiza CV. Nthawi yanga ikatha ndinkapita kukakhala pafupi ndi Clock Tower, kuonerera anthu mpaka nthawi yokatenga ana ikwane.

Za kufunafuna ntchitoko sindichulutsa. Chaka chimenecho malova m'dziko muno anali pafupifupi 2.5 miliyoni, ndipo ambiri mwa amene ndinkawalembera sankayankha n'komwe. Ma ejensi ankanditenga dzina n'kunena kuti adzaimba. Kawiri anaimbadi, ganyu ya tsiku limodzi yotsitsa katundu m'lole. Kuyankhidwa kuti ayi kumapweteka, koma chete amapweteka kwambiri, chifukwa umayamba kukayika ngati kalata yako inafika, ngati dzina lako lachilendo ndi limene likuwabweza, ngati zaka zako zachuluka.

Ndalama ya masabata 7 ija inasungunuka ngati mchere m'madzi. Lendi, msonkho wa khonsolo, gasi, inshuwalansi ya galimoto. Mayi akunyumba ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo anayamba kutenga mashifiti a usiku oonjezera. Ankabwera m'mawa maso ali psuu, mapazi atatupa, n'kundipeza nditatsegula kale makatani, kuwala kuli mbee m'nyumba yonse pamene iwo akufuna kugona.

Usiku wina kumayambiriro kwa Ogasiti, ana atagona, anatsika ndi katoni ya nsapato imene ndinkasungamo mapepala a malipiro. Anaikhutulira patebulo. Sanakweze mawu. Anatola pepala limodzi n'kuloza ndi chala.

"Bambo, tawerengani apa."

Ndinawerenga. National Insurance.

"Nanga ili?" Anatola lina. "Nanga ili? Zaka zonsezi akhala akukudulani mwezi ndi mwezi. Munkaganiza kuti ndalama imeneyi ndi ya chiyani?"

Ndinati ndi msonkho basi, ndipo ine si wopemphetsa. Ndinati bambo anga sanaimepo pamzere kudikira kupatsidwa, ndipo ine sindinakwere ndege kudzatambasula dzanja kwa azungu.

"Mukalowa chipereganyu," anatero, "mwezi wanu wolandira ukafika mumachita manyazi? Mumati ndikupemphetsa? Mwasonkha zaka 7 pakampani imodzi yokha. Mwezi wanu wafika. Ine thupi latopa, bambo. Manyazi anapha lambe."

Mawu akuti thupi latopa ndi amene anandilasa. Ndinayang'ana manja awo ali pamapepalapo, khungu litasweka ndi sopo wa kuntchito, ndipo ndinaona kuti ulemu umene ndinkauteteza unkalipiridwa ndi msana wa munthu wina. Usiku womwewo ndinadzaza fomu pa intaneti.

Apa ndifotokoze mmene zinthu zinalili, chifukwa ine ndinavutika ndi kusadziwa. Jobseeker's Allowance, ndalama imene boma limapatsa munthu wofunafuna ntchito, inayamba mu 1996, ndipo nthawi yanga inali ya mitundu iwiri. Wina unkayang'ana umphawi wa pabanja: ngati muli ndi ndalama zosunga zoposa £16,000, kapena mnzanu wapabanja amagwira maola 24 kapena kuposa pa sabata, simunkalandira. Umenewo ine sukanandikhudza chifukwa mayi ankagwira ntchito. Mtundu winawo unkangoyang'ana ngati unasonkha National Insurance yokwanira m'zaka ziwiri za msonkho zapitazo. Sunkafunsa za malipiro a mkazi wako kapena za kubanki, ndipo unkaperekedwa kwa masiku 182, pafupifupi miyezi 6. Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti mtundu wachiwiriwu suli n'komwe pamndandanda wa zimene a zolowa ndi kutuluka amazitcha public funds. Chinthu chimene ndinkachiopa ngati njoka chinali changa kuyambira kale. Ndipo sabata iliyonse imene munthu wasaina, amamulembera ngati wasonkha, kuti penshoni yake ya boma isadzakhale ndi mpata. Masabata 9 aja ndinawataya pawiri.

Ndalama yake inali £71.70 pa sabata kwa munthu wa zaka 25 kupita m'tsogolo, ndipo masiku atatu oyamba sankalipira. Inkalowa kubanki pa masabata awiri alionse, £143.40. Ndikufuna amene amati anthu amasiya ntchito dala kuti azidya za boma aione bwino nambala imeneyi. Lendi yathu yokha inkaimeza yonse osakhuta.

Tsiku loyamba ndinadutsa pakhomo la Jobcentre kawiri ndisanalowe, kuyang'ana uku ndi uku ngati pali Mmalawi. Mlonda anandifunsa dzina n'kundilozera mipando. Mayi amene anandithandiza anali wodekha. Anandifunsa ntchito zimene ndingagwire ndi mtunda umene ndingayende, tinalemba pangano la zimene ndizichita sabata iliyonse, anandilembetsa pa Universal Jobmatch, tsamba la boma la nthawi imeneyo lofufuzirapo ntchito, n'kundipatsa tsiku ndi ola lobwera kudzasaina pa masabata awiri alionse. Anandichenjezanso mosabisa kuti kuphonya tsiku popanda chifukwa chomveka kukhoza kuimitsa ndalama kwa masabata 4, chifukwa malamulo anali atawakhwimitsa mu Okutobala 2012. Ataona tsiku la pa P45 anakweza maso n'kufunsa kuti ndinali kuti miyezi iwiri yonseyi. Ndinalibe yankho loti ndingalinene m'Chingerezi.

Pa ulendo wachiwiri ndinakhala moyandikana ndi bambo wina wachizungu, imvi zili mbuu, atavala tayi. Anali atagwira ntchito moyo wake wonse m'mafakitale oluka masokosi ndi majuzi amene kale ankadyetsa mzinda wa Leicester, ndipo fakitale iliyonse imene ankasamukirako inkatsekedwa. M'manja anali ndi kabuku kamene ankalembamo ndi bolopeni, mwaukhondo, malo alionse amene wafunsirako ntchito, tsiku lake ndi yankho lake. Mzere wa mayankho unali wopanda kanthu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anandinong'oneza kuti kompyuta imamuvuta, ndipo akuopa kuti amuimitsira ndalama poganiza kuti sakufunafuna. Kenako anati ana ake sakudziwa kuti amabwera kuno. Ndinamuyang'ana munthu wobadwira m'dziko lomweli, amene sanakhalepo ndi chidindo pa chiphaso, akubisala ngati ine. Kuyambira tsiku limenelo tinkakumana ku laibulale Lachiwiri lililonse, ine n'kumamugwirira mbewa ya kompyuta, iye n'kumandikonzera Chingerezi cha m'makalata anga.

Achimwene anga kumudzi ataimba za fizi ya mwana wawo, ndinawauza zoona kuti mwezi uno sinditumiza, ntchito inatha, ndikulandira kangachepe kuboma. Anakhala chete, kenako anati, "Achimwene, ndiye kuti boma likukulipirani chifukwa chongokhala? Koma muli pabwino kumeneko." Sanali kunyoza. Iwo ntchito yawo itatha palibe anawapatsa ngakhale tambala, ndipo ndinamva chisoni kuti chimene ine ndinkachita nacho manyazi, iwo akanachilandira ndi manja awiri. Ndinayesa kuwafotokozera za kusonkha kuja, koma mayunitsi awo anatha tisanamalize.

Kutchalitchi kunali kovuta kuposa. Titaweruka, tikumwa tiyi, mkulu wina amene ndimamulemekeza mpaka lero ankauza achinyamata kuti ife Amalawi timadya thukuta lathu, sitili ngati ena amene amakaima ku Jobcentre. Mtima unagunda. Ndinaika kapu pansi n'kunena kuti, "Abambo, ine ndimakasaina Lachinayi." M'chipindamo munangoti zii. Iwo anati sankanena ine, ndipo ndikukhulupirira kuti sankanenadi ine, monganso ine sindinkadziwa amene ndinkamunena pamene ndinkaloza makatani a neba. Madzulo ake anandiimbira mnyamata wina wa mumpingo momwemo, amene ntchito yake inali itatha mu Juni. Anafunsa ndi mawu apansipansi kuti fomuyo imapezeka pati, ndipo anandipempha kuti ndisauze munthu.

Sindikunena kuti palibe amene amachita chinyengo. Alipo, monga alili paliponse pamene pali ndalama. Koma pa mipando ija ine ndinaona amayi amene masitolo awo anatsekedwa, anyamata omaliza sukulu atanyamula ma CV m'mapulasitiki, ndi bambo wa tayi uja. Ndinkawadziwa ndi mmene ankakhalira, maso pansi, aliyense akupemphera kuti asakumane ndi womudziwa.

Ndinasaina kwa masabata 13. Ndalama yoyamba italowa tinagula nsapato za sukulu za ana awiri n'kulipira gasi, ndipo mayi akunyumba anasiya shifiti imodzi ya usiku pa sabata. Tsiku loyamba limene anagona kunyumba Lachisanu, ndinatsika m'mawa mwachizolowezi, dzanja linafika pa katani, ndipo ndinalibweza. Anagona mpaka 10 koloko.

Mu Novembala ejensi ina inandiimbira kuti kukufunika oyendetsa forklift usiku, chifukwa katundu wa Khirisimasi anali atachuluka. Kontirakiti yake inali yopanda maola otsimikizika: amakutumizira uthenga madzulo ngati ukufunika, ndipo ngati foni sinalire ndiye kuti tsiku limenelo palibe. Ndinaimba ku Jobcentre kuti atseke fayilo yanga. Lachiwiri lotsatira ndinapitabe ku laibulale ndisanagone, chifukwa bambo uja anali ndi fomu yoti tidzaze. Za ntchito ya usikuyo, ndi mmene ndinagonera pachiwongolero pa msewu wa M1, ndidzafotokoza mu Gawo 12.