Tamaliza ngongole, khola likadalipo: mbiri ya famu yathu ku Namwera

Mwezi watha ndinapereka ndalama yomaliza ya ngongole yomwe yatisowetsa tulo kuyambira 2022. Nditatuluka mu ofesi muja ndinangoima pakhonde, kapepala kali m'manja, misozi ikulengeza m'maso. Ndinaimbira foni bambo a kunyumba n'kungoti, "Bambo a ana, zatha." Iwo anakhala chete kanthawi, kenako ndinamva akuuza anthu pafamu, ndipo nthungululu za amayi otithandiza kukhitchini zinandipeza pafoni pomwepo.

Famu imeneyi inabadwira pamaliro. Mayi anga atatisiya mu 2018, abale anabwera kuchokera ku Lilongwe, ku Blantyre, ena ku Joni, monga mudziwa kuti kuno ku Mangochi n'kovuta kupeza banja lopanda munthu ku South Africa. Tsiku losesa ndinaona ana a achimwene ndi ana a achemwali atakhala patalipatali ngati alendo pa depoti, sadziwana ngakhale mayina. Azakhali anga, ali pamkeka, anafunsa mokweza kuti, "Kodi ife tizingoonana munthu akafa basi?" Palibe anayankha. Ine funso limenelo linandikhala pamtima chaka chonse.

Mayi anandisiyira munda, mitengo ya mango, chigafa chakale cha fodya ndi ng'ombe zisanu. Bambo a kunyumba anali atangobwera kumene kuchokera ku Johannesburg ndi kandalama komwe anasunga. Mu December 2019 tinaitana mtundu wathu wonse. Tinasesa chigafa, tinayala mikeka, tinapachika maneti a udzudzu, tinapha mbuzi. Sitinkaganiza za bizinesi ayi. Koma zithunzi zitayenda pa WhatsApp, anzawo a abale athu anayamba kufunsa ngati nawonso angabwere ndi mabanja awo.

Chimene chinandilimbitsa mtima ndi kamtsikana ka zaka zisanu, kamdzukulu ka azakhali aja, kobadwira ku Joni. Chichewa kapena Chiyao sikankadziwa, ndipo ng'ombe kanali kasanaionepo maso ndi maso. M'mawa woyamba kataona thole likuyandikira kanakuwa n'kubisala m'chitenje cha agogo ake. Azakhali sanakakakamize. Anatenga dzanja lake, nalisanjika pa dzanja lawo, nasisita thole pamphumi pang'onopang'ono, akunena kuti, "Usaope mwanawe, iyi ndi ng'ombe ya kwanu." Tsiku lachitatu kamwana kaja kanadzuka tambala woyamba atangolira, kanyamula kandowa, kakugogoda pachitseko changa n'kumaitana, "Anganga, mkaka!" Mawu awiri amenewo kanaphunzirira pakhola pathu.

Mu 2020 Covid inatiimitsa tisanayambe n'komwe kulandira mabanja a alendo pafamu. Mu 2021 mabanja anayamba kubwera, ndipo tinaona kuti chigafa ndi chitsime chakudambo sizingakwanire anthu obwera ndi makanda. Ndiye mu 2022 tinatenga ngongole kuti tikumbe mjigo ndi kumanga tinyumba tinayi.

Apa ndiye panayambira mavuto. Munthu yemwe tinagwirizana naye zokumba mjigo analandira theka la ndalama, anakumba masiku awiri, nati madzi kulibe, akatenge makina ena. Mpaka lero makinawo sanafike, ndipo foni yake inasiya kulowa. Sindimutchula dzina, akudzidziwa yekha, koma adziwe kuti dzenje lake tinadzalamo nthochi ndipo ana a alendo athu akudya. Tinachita kugulitsa ng'ombe ziwiri kuti tilipire wokumba wina, yemwe anapeza madzi pamtunda pang'ono chabe kuchokera pa dzenje loyamba lija.

Madzi atangotuluka, kolera inali itavuta m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma omwe anakhudzidwa kwambiri. Mabanja onse omwe anasungitsa malo a December 2022 anabweza mawu. Sindinawadandaule, inenso ndine kholo, sindikanatengera mwana wanga komwe kukumveka matenda. Ndalama zawo tinabweza zonse, ngakhale zina tinali titagulira kale simenti. Tisanapume, mu March 2023 mvula ya namondwe Freddy inagwa masiku otsatizana osalekeza. Usiku wina khola linagwa. Tinatuluka ndi matochi, matope ofika m'mawondo, kukoka ziweto chimodzichimodzi. Matole awiri tinawapeza atafa pansi pa mitengo ya denga. Bambo a kunyumba, munthu amene sindinamuonepo akulira, anakhala pansi m'matope momwemo.

Patangopita sabata ziwiri otikongoza anafika, osati kudzapepesa, koma kudzawerenga ng'ombe zotsala. Anthu omwewo pobwereketsa ankatiitana kuti "makasitomala athu olemekezeka". Ndinawapempha mwezi umodzi wokha, anandiyankha kuti chiwongoladzanja sichidziwa mvula. Mawu amenewo sindidzawaiwala. Ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November chaka chomwecho, mitengo ya malata ndi simenti inakwera moti kanyumba kachinayi kanakhala kopanda denga miyezi yambiri.

Amene anatidzutsa ndi anthu a m'mudzi muno. Ndithokoze amfumu athu, omwe anamema anyamata kudzaimika khola latsopano osalandira kanthu kupatula nsima ndi thobwa. Ndithokoze amayi anzanga a banki m'khonde, omwe anandibwereka katatu konse osandinyoza. Ndithokoze alangizi a ziweto, omwe amakwera njinga mtunda wonsewu kudzabaya ng'ombe ndi kupereka katemera wa chitopa ku nkhuku zathu, komanso alangizi a zaumoyo omwe anatiphunzitsa kuthira klorini m'madzi ndi kuika mipondagiya pa chimbudzi chilichonse. Ndithokoze ashehe athu, omwe amabwera kudzachinja mbuzi ndi nkhuku kuti Asilamu ndi Akhristu a banja limodzi adyere mbale imodzi popanda wokayika. Ndithokoze mnyamata wathu woweta, yemwe anakhala nafe miyezi inayi malipiro akuchedwa, koma ng'ombe sizinagonepo ndi njala. Azakhali anga, inu munayambitsa zonsezi ndi funso limodzi, Mulungu akusungeni. Ndipo banja lija la ku Zomba lomwe linabwera loyamba Freddy atadutsa, n'kugona m'nyumba yosapaka penti osadandaula, zikomo kwambiri, munatibwezera ulemu.

Lero tinyumba tonse tinayi tatha, tili ndi magetsi a sola, ndipo bedi lililonse lili ndi neti. Ana amakama ng'ombe m'mawa, mkakawo timawiritsa iwo akuona, amatola mazira, amakwera ngolo kuzungulira munda, munthu wamkulu atakhala pambali pawo. Pakhola tinamanga mpanda wachiwiri kuti wamng'ono asalowe yekha. Akuluakulu amakhala pansi pa mango ndi bawo, ndipo madzulo timasonkha moto, kuotcha chimanga kapena mbatata malinga ndi nyengo, agogo n'kuyamba nthano. Mafoni amaiwalika okha. Ofuna chambo timakawagulira kunyanja m'mamawa, koma ambiri akalawa nkhuku yachikuda ndi nsima ya mgaiwa safunanso china.

Kutipeza n'kosavuta. Mukafika pa boma la Mangochi, wolokani Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, mutenge msewu wopita ku Chiponde, mukwere mapiri a Chowe. Pokwerapo imani pang'ono ana aone madzi ali m'munsi. Kuno kumtunda kumazizirirapo kusiyana ndi kugombe, choncho mu June ndi July tengerani ana majuzi. Tsiku lina mutha kutsika nawo kukasambira kunyanja n'kubwerera kudzagona kuno.

Timalandira banja limodzi pa nthawi, sitisakaniza, chifukwa mwabwera kudzaonana nokhanokha. Masiku a Khirisimasi, Chaka Chatsopano ndi Eid amadzaza msanga, makamaka ndi abale a ku Joni, ndiye tilembereni pa Facebook kapena pa WhatsApp kudakali nthawi. Yachikole mutha kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba. Mutiuziretu chiwerengero cha ana, zaka zawo, ndiponso ngati pali agogo ovutika kuyenda kuti tiwakonzere kanyumba koyandikira kukhitchini. Nyengo ya mvula kamsewu kopatukira kwathu kamaterera, mukafika pamphambano imbani, ngolo idzakutengani.