Ku Malambo ndi anyamata, pa tsiku la ufulu

24 Okutobala, usiku

Tinanyamuka ku Chipata kusanayere. Atate awo a ana ananena dzulo kuti wochedwa kudzuka atsala ndi galu, ndipo anyamata anawakhulupirira, moti wamkulu anagona atavala kale masokosi. Lero ndi tchuthi cha ufulu wa Zambia, kusukulu kulibe, kuntchito kulibe, ndiye tinati m'malo moima padzuwa kuonerera perete, tipite ku Malambo, m'chigwa cha Luangwa, kukaona ambuya awo amene sitinawaone chikololere.

Kumbuyo kwa motoka tinadzaza shuga, sopo, mafuta ophikira, chitenje cha apongozi, ndiponso kabichi ndi tomato zimene ndinagula ku Kapata. Kuchigwa nyengo ino masamba amavuta, choncho mlendo wobwera ndi kabichi amalandiridwa bwino kuposa wobwera ndi buledi.

Kuchoka ku Chipata kufika ku Mfuwe ndi makilomita pafupifupi 130. Masiku ano ndi tala, koma atate awo satopa kusimba za nthawi ya fumbi, pamene munthu ankafika tsitsi litafiira ndipo msana ukuwawa. Anyamata sanamve n'komwe. Anali pa nkhondo ya windo. Mipando ya kumbuyo ili ndi mawindo awiri, ana ndi atatu, ndipo mlandu umenewu sunathepo m'banja mwathu. Ndinagamula kuti mzime akhale pakati mpaka pa Jumbe, kenako asinthane. Analira pang'ono, n'kugona. Pa Jumbe tinagula vitumbuwa, mlandu unaiwalika.

Munthu amadziwa kuti watsikira kuchigwa asanaone chikwangwani chilichonse. Mphepo yolowa pawindo imasiya kuziziritsa, mitengo ya tsanya imayamba kuchuluka, milambe ili mbuu popanda tsamba. Okutobala wa kuno si wamasewera, kutentha kumapitirira madigiri 40. Wachiwiri anafunsa ngati ambuya amakhala pafupi ndi dzuwa.

Tinafika cha m'ma 9 koloko. Mudzi wa apongozi uli m'dera la mfumu Kakumbi, kufupi ndi mtsinje wa Luangwa. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, iwo anandigwira dzanja nthawi yaitali akufunsa za makolo anga mmodzimmodzi. Anyamata anapereka moni wa changu, maso ali kwina. Pansi pa mtengo wa mango pabwalo panali nthambi zothyoka, mango osapsa ali mbwee, ndi milu ya ndowe zazikulu.

"Ambuya, ng'ombe yanu ndi yaikulu bwanji?" anafunsa mzime.

"Si ng'ombe, mdzukulu wanga. Ndi njovu. Zinabwera usiku wa dzana, zinayi ndi kamwana."

Anyamata analumpha ndi chimwemwe. Njovu pabwalo pa ambuya! Wamkulu anayamba kuyeza phazi lake m'phazi la njovu, wachiwiri anatola kamtengo n'kumafukula ndowe zija kufuna kuona zimene inadya. Apongozi anangowayang'ana, n'kutembenukira kwa ine.

"Ana a m'tauni, amai. Asiyeni asekere."

Titakhala pamphasa ndi thobwa, ndi pamene anafotokoza bwino. Madzi a m'madambo akauma ndipo mango akayamba kununkhira, njovu zimawoloka Luangwa madzulo kulowa m'midzi, m'mawa n'kubwerera. Mtsinje ndiwo malire a paki ya nyama ya South Luangwa, koma mpanda palibe, ndipo mbali ino anthu amakhala m'dera la Lupande limene lamulo limati ndi la anthu ndi nyama pamodzi. Chaka chatha zinagwetsa nkhokwe yawo ya nsungwi usiku umodzi. Tsopano chimanga amasunga m'nkhokwe ya simenti yotseka pamwamba. Kumunda amamanga zingwe zopaka tsabola wosakaniza ndi oilo wakale wa motoka, ndipo usiku amawotcha tsabola wouma wosakaniza ndi ndowe za njovu zomwezo kuti utsi uziyabwa m'chitamba. Zimathandiza mphepo ikakhala kumbali yako. Ndinafunsa ngati analandirapo kanthu pa chimanga chija. Anaseka.

"Amabwera, amalemba m'buku, amapita. Chipukuta misozi kulibe."

Ine zimenezi zimandipweteka. Alendo amatsika ndege pa Mfuwe kuchokera maiko akutali kudzaona njovu zomwezi, ndipo ndi zoona kuti malo ogona alendo apatsa ntchito achinyamata ambiri a kuno, ena mwa abale athu omwe. Koma gogo amene chimanga chake chimanenepetsa njovuyo sadziwika paliponse.

Masana tinadya nsima ndi nkhuku ya kumudzi, ija yofuna mano. Dzuwa litapendeka tinati tikalowe m'paki. Tinatenganso mwana wa alamu anga, msinkhu umodzi ndi wamkulu wathu. Mwanayu anabadwira kuno, mlatho wa paki amauona, koma anali asanalowepo. Amai ake anamusambitsa n'kumuveka malaya a kutchalitchi.

Pa mlatho wa Luangwa tinayenda pang'onopang'ono. Madzi atsala ochepa, mchenga ndi umene wachuluka, ndipo mvuu zaunjikana m'maiwe otsalawo mothinana ngati mbatata mumphika. Ng'ona zili gone pamchenga, kukamwa yasa. Pachipata tinaonetsa ma NRC, ziphaso zathu za unzika, popeza nzika zimalipira mtengo wotsika kuposa alendo akunja. Asilikali a nyama anthu kuno amawatchabe a ZAWA, ngakhale kuti kuyambira 2016 ntchitoyi ili m'manja mwa dipatimenti ya boma ya mapaki ndi nyama zakutchire. Mmodzi anasuzumira m'motoka, n'kuloza anyamata.

"Amai, awa asatuluke, ngakhale atapanikizika bwanji. Ndipo 18 koloko mukhale mutatuluka."

Mzime nthawi yomweyo anati akufuna kukodza.

Paki ya South Luangwa ndi yaikulu masikweya kilomita 9,050, ndipo inakhala paki mu 1972, choncho ife ndi kamotoka kathu tinangonyambita m'mphepete. Komabe zinakwana. Nswala ndiye zosawerengeka, mpaka anyamata anasiya kuzitchula. Njiri zinathawa michira ili chilili. Mbidzi zinali pansi pa mvunguti, ndipo anyani anali kulimbirana maluwa ake ofiira ogwa pansi. Pa gombe lina logumuka tinapeza mbalame zofiira zodya njuchi, mazanamazana, zikulowa ndi kutuluka m'mauna amene zimakumba m'khoma la mtsinje. Zimabwera miyezi ino kudzaswa madzi asanadzaze. Pamenepo ngakhale atate awo, amene sakonda kuima, anazimitsa injini.

Amene anatitsogolera kwenikweni ndi msuweni wawo uja. Ife tinkaona tchire, iye ankaona nyama. "Atate aakulu, imani. Apo." Tiyang'ane, palibe kanthu. Kenako khutu ligwedezeka, ndipo nyamalikiti yonse ionekera pakati pa mitengo. Atate awo anauza ana kuti mtundu uwu wa nyamalikiti, wotchedwa Thornicroft, supezeka kwina kulikonse padziko koma m'chigwa cha Luangwa chokha. Wachiwiri sanakhutire, iye ankafuna chipembere cha m'buku lake la kusukulu. Anamuuza kuti zipembere zinalipo zambiri kuno, koma opha nyama mobisa anazitha m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 chifukwa cha nyanga, ndipo zimene zilipo tsopano zili ku North Luangwa, kumene anayamba kuzibweretsa kuchokera ku South Africa mu 2003. Mwanayo anakwiya ngati kuti ndi atate ake amene anazipha.

Kuti amutonthoze anayamba nkhani ya malemu agogo awo aamuna, amene pa unyamata wawo ankanyamula tiyi pa maulendo apansi oonetsa alendo nyama. Maulendo amenewo anayambira m'chigwa chino ndi Norman Carr, amene mu 1950 anagwirizana ndi mfumu Nsefu kupatula malo oti alendo azionerako nyama, ndalama zake n'kumapita kwa anthu a mfumuyo. Agogowo ankayenda kumbuyo kwa mzere ndi ketulo, mfuti ili kutsogolo ndi munthu wina. Wamkulu anafunsa kuti mkango ukachokera kumbuyo ankatani. Atate awo anati afunse ambuya.

Pobwerera ndi pamene tinakumana nazo. Njovu yaikazi inatulukira pamsewu, kamwana kali m'miyendo, zina zitatu pambuyo. Atate awo anaima patali n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. Anyamata anga anali pamawindo, kukankhana, kunong'ona mokuwa, "Amai, jambulani! Jambulani!" Nditatembenuka kuti ndiwatontholetse, msuweni wawo sanali kuoneka. Anali atatsikira pansi pakati pa mipando, mutu uli m'mawondo, malaya a kutchalitchi ali m'fumbi.

Njovuyo inatambasula makutu, inapukusa mutu, kenako inawoloka. Tinadikira mpaka yomaliza italowa m'tchire.

Wamkulu anayamba kumuseka kuti ndi wamantha. Ndinamudula ndi diso. Mwanayo atakhalanso pampando anayankha yekha, mosakweza mawu, kuti masiku ena m'mawa sapita kusukulu mpaka dzuwa litakwera chifukwa njovu zimakhala zili panjira, ndipo kuti ya kamwana siyang'anidwa, umangothawira kumene mphepo ikupita. Wamkulu anakhala chete kwa kanthawi, kenako anayamba kumufunsa mafunso: umadziwa bwanji kumene mphepo ikupita, ukwera mtengo wanji, imathamanga kuposa njinga? Mpaka pachipata wophunzitsa anali iyeyo. Mkango sitinauone, kambuku sitinamuone, ndipo mzime anakodzera m'botolo.

Madzulo apongozi anaphika mpunga wa kuno, wonunkhira uja, ndi nsomba zouma zotendera. Anyamata anasimba zonse nthawi imodzi, aliyense kukweza mawu kuposa mnzake. Ambuya anamvetsera mpaka pa njovu ya kamwana, n'kufunsa kuti inalowera mbali iti. Atamva kuti inalowera cha kumtsinje, anatuma alamu kuti akasendeze zitini ndi tochi pafupi ndi chitseko, ndiponso kuti aliyense apite kuchimbudzi kusanade kwambiri.

Tsopano ana anayi ali m'neti imodzi, thukuta lili kamukamu, akuti sagona, alondera mango. Wachiwiri wagona kale. Mawa tipita kutchalitchi ndi apongozi, tikaone azakhali awo ku Masumba, kenako tibwerere ku Chipata dzuwa lisanalowe. Ambuya apatsa anyamata thumba la mpunga ndi tambala wamoyo. Atate awo akuti tambala sakwera motoka yawo, apongozi akuti mphatso ya adzukulu sibwezedwa, ndipo ine ndapeza kale katoni.